Galu Wokana Dzanja la Taziona

Mukafika pa Thambani tsiku la msika, kumunsi kumene amayi amayala matimati ndi anyezi pa masaka, mupeza mayi wina wamfupi, wa mapewa otambalala, dzina lake Taziona. Matimati ake ndi abwino, ndipo sabisa owola pansi pa mulu monga achitira anzake ena amene sindiwatchula pano. Anyezi ali nawo, mpiru ali nawo, therere pa nyengo yake. Koma tsabola musamufunse. Alendo amafunsa ndithu, iye amangoloza ndi mlomo kwa mnzake wa pambali n'kuyamba kukonza milu imene ili yokonza kale. Ena amati ndi zizimba za bizinesi. Anthu a pa msika pakamwa sipawatopa, koma nkhani yeniyeni ndi ya galu.

Taziona anabadwira kwa Nthache, m'banja lowotcha makala, ndipo anakula akuopa agalu kuposa njoka. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, galu wa alenje anamugwetsa pa njira ya ku chitsime n'kumusiyira zipsera ziwiri pa katumba. Kuyambira pamenepo akamva kuuwa ankazungulira njira, ngakhale atasenza thumba la makala. Anakwatiwa ndi a Paison a kwa Kanduku, bambo wosalankhulalankhula, wakhama, koma wa mutu wouma ngati chitsa cha tsanya. Anamanga nyumba pa Thambani, kuseri kwa msika, chifukwa a Paison ankaweta mbuzi n'kumagulitsa kwa opha nyama. Mwana anabereka mmodzi yekha, Thandie.

Mbuzizo ndizo zinaitana mavuto. Chaka china akuba anazolowera pakhomopo ngati kwa amalume awo. Njira yawo inali imodzi: ankaponya nyama yothira mankhwala a makoswe kudutsa mpanda, n'kudikira. Kukacha, galu ali gada pabwalo, thovu kukamwa, khola lili pululu. Agalu atatu akumudzi anapita motero. Wachitatuyo a Paison anamukwirira okha kuseri kwa nkhokwe, ndipo sabata yonse sanatulutse mawu oposa "eya" ndi "ayi". Kenaka anaimbira foni msuweni wawo woyendetsa thiraki ya ku Joni.

Patapita miyezi iwiri, thirakiyo inadutsa pa chipata cha Mwanza ndi katoni pampando wa kutsogolo, mapepala ake onse ali m'manja, ndipo a Paison anakaitenga katoniyo pa boma. Atatsegula pakhonde, Taziona anathawira m'nyumba n'kumasuzumira pa zenera. Ankati ndi mwana wagalu wa milungu khumi, koma mapazi ake anali a galu wamkulu kale. Mutu unali waukulu, wamakwinya, thupi lofiirira, kukamwa kwakuda ngati wanyambita mphika. Dzina la mtundu wake, Boerboel, linapinda malilime a anthu a pa Thambani, choncho ankangoti galu wa ku Joni. A Paison anamutcha Chimwala chifukwa cha mutuwo.

Amene anadzamubaya katemera wa chiwewe anali mayi Yewo, mlangizi wa ziweto wochokera ku boma, kwawo ku Rumphi, mayi woyenda pa njinga yamoto ndi kabokosi ka mankhwala kumbuyo. Atamuona galuyo anapukusa mutu akumwetulira.

"Bambo, uyu si galu woponyera zotsala ayi," anatero. "Pakatha chaka ndi theka adzakuposani kulemera. Ndikudziwa zimene anthu akuuzeni: mutsekereni m'kakhola ka mdima, asamaone anthu, mumuthirire mavu m'chakudya kuti aluse. Musayerekeze. Galu wa mtundu uwu akakula ndi mantha, mwaweta maliro. Aziyenda pakati pa mbuzi, azidziwa aliyense wa pakhomo pano, aziona anthu a pa msika. Kulondera amabadwa nako. Chimene mumuphunzitse inu n'kumva basi."

"Tamva, adokotala," anayankha a Paison.

Ndipo kunena zoona, anamvadi. Munthu tizimuyamikira pamene anakhoza. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanayambe kuluma, ankamumanga chingwe Chimwala n'kuzungulira naye msika, kudutsa pa akabaza, pa chigayo, pa ana opita kusukulu, mpaka galu anazolowera kuti phokoso si mdani. Mawu anamuphunzitsa atatu okha, "khala", "bwera" ndi "siya", ndipo ankawabwereza mosatopa ngati mphunzitsi wa Sitandade Wani. Sankamumenya, ankati galu womenyedwa amamvera ndodo, osati mwini wake. Loweruka ankamusambitsa ndi mankhwala a nkhupakupa, n'kufufuza m'makutu ndi pakati pa zala. Masana a Thambani amatentha, ndipo galu wa thupi lalikulu chotero salimba ndi kutentha, ndiye anamumangira chisakasa pansi pa mtengo wa mango, pambali pake beseni la madzi losaphwa. Kuphika kunali kwa Taziona: phala lolimba la mgaiwa, bonya, nkhwani woduladula, msuzi wa mafupa, kawiri pa tsiku, m'mawa ndi folo koloko. Ankaphika akung'ung'udza, n'kusiya mbaleyo pakhonde kuti mwini galu adzaitenge.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene a Paison sanawafunse mayi Yewo, chifukwa yankho ankalidziwa kale. Thovu la agalu atatu aja silinawachoke m'maso. Anatsimikiza mtima kuti Chimwala asadzadye kanthu kosachokera m'dzanja lawo, kaya kotola pansi, kaya kopatsidwa ndi munthu. Njira yake anaimva kwa mlonda wina wopuma ntchito: ng'ambani nyama pakati, fwatikanimo tsabola wa kambuzi wosinja, munthu wina ampatse galu. Akapsa kukamwa kangapo, sadzalandiranso za munthu wamba. Koma pankafunika woperekayo, ndipo munthu amene ankapezeka pakhomo tsiku lililonse anali mmodzi.

"Mayi a Thandie, wondithandiza ndinu."

"Ine? Chilombo chimenecho ndichiyandikire ine?"

"Chingwe ndigwira ndine. Inu mungotambasula mkono basi."

Apa ndi pamene Taziona salola kuti wina amuchepetsere mlandu akamasimba. Sanachite mokakamizidwa ayi. Tsiku loyamba anaopa ndithu, koma kagalu ka miyezi inayi kaja katabwera kakugwedeza thako lonse, n'kumeza nyama, n'kuyamba kuyetsemula, kukanda kukamwa ndi mapazi, kukwechesa mphuno pa dothi misozi ili chuchuchu, Taziona anaseka mpaka kugwira nthiti. Mumtima ankamva ngati wabwezera galu wa alenje uja. Tsabola ankasinja yekha mu kamtondo, n'kumasankha wofiira kwambiri. Chimwala anali wa mtima wofewa, ndiye anachedwa kuphunzira. Mawa lake ankabweranso akugwedeza kachitsa kake ka mchira, ngati kuti dzulo panangolakwika penapake. Anapsa kakhumi ndi kamodzi. Tsiku lotsatira anafika pafupi, ananunkhiza dzanja, anamuyang'ana Taziona kumaso kwa nthawi, n'kutembenuza mutu.

"Wakhoza mayeso," anatero a Paison, ndipo tsiku limenelo anapha nkhuku.

Zosatola pansi anamuphunzitsa chimodzimodzi, anzawo akuponya nyama ya tsabola kudutsa mpanda, ndipo izo sizinatenge nthawi. Mayi Yewo atabwera ndi mankhwala a njoka za m'mimba, anayesa kumupatsa galu piritsi lokulunga mu kanyama, galu n'kukana. A Paison anafotokoza monyadira. Mayi Yewo sanaseke.

"Nanga tsiku limene mudzachokepo, adzadya kwa yani?"

"Ndipita kuti ine, adokotala? Kwathu ndi pano."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la a Paison linali la chikopa cha ng'ombe. Mayi Yewo anawapatsa piritsi lija kuti amwetse okha, n'kukwera njinga yawo.

Chimwala anakula mpaka msana wake unkafika m'chiuno mwa Taziona. Akagona pansi pa mango ankaliza mkonono ngati bambo wa pakhomo, ndipo timbuzi tating'ono tinkakwera pamsana pake iye osatsegula n'komwe diso. Akuba anayesa kamodzi kokha. Kutacha anthu anapeza nyama ili pomwe inagwera, nyerere zitaizinga, ndi nsapato imodzi itakodwa pa mpanda. Mbuzi sizinabedwenso, ndipo a Paison ankayenda pa msika ngati munthu amene mlandu wamukomera.

Chodabwitsa n'chakuti galu amene Taziona anamuwotcha kukamwa ndi amene anamusankha iye. Ku mjigo ankamuperekeza, kudimba ankamuperekeza. Akakhala pa mkeka kusankha nyemba, Chimwala ankabwera n'kumutsamira ndi thupi lonse lija, dovu likuyenderera pa chitenje. Sankauwa wamba. Mlendo akafika, ankangoima pakati pa iye ndi Taziona, ali duu, maso ali tong'o, ndipo ngakhale oledzera ankakumbukira ulemu umene anaphunzira kwa makolo awo. Mantha a Taziona anatha osadziwa tsiku limene anathera. Anayamba kumulankhula galuyo zimene sakanauza mwamuna wake, za msana wowawa, za kusowa mwana wachiwiri. Tsiku lina a Paison atapita kokagula mbuzi, ananyema chitumbuwa n'kumupatsa mobisa. Chimwala anamunyambita bondo, osati dzanja, n'kuyang'ana kumbali. Taziona anachidya yekha chitumbuwacho, koma sichinakome.

Zaka zisanu ndi zitatu a Paison sanagone kunja kwa nyumba yawo. Kukagwa maliro kutali, ankapalasa njinga kubwerera folo koloko isanakwane. Pa ukwati wa Thandie ku Blantyre anadalitsa mwana wawo m'tchalitchi, n'kuthawa perekaniperekani asanafike pakati, akuti galu sanadye. Taziona ankawanena kuti mwana wawo woyamba ndi Chimwala, Thandie ndi wa mnansi. Iwo ankangoseka chapansipansi, mbale ili m'manja.

A Paison anagwa mwezi wa Okutobala, masana dzuwa lili paliwombo, ali m'khola akumanga mbuzi yoti apite nayo ku msika. Pikapu inawatengera ku chipatala cha pa boma. Anagona masiku awiri osatsegula pakamwa, ndipo lachitatu anatisiya. Abale anatenga thupi kukaika kwawo kwa Kanduku monga mwa mwambo, ndipo namfedwa sachoka pa maliro mpaka atameta. Taziona anakhala m'siwa pakati pa amayi akulira mwamuna wake, ndipo analiradi ndi mtima wonse, koma pansi pa kulirako ankawerenga masiku. Anali atasiya mawu kwa mnansi wake Esime kuti azithira madzi m'beseni ndi kuika chakudya. Pa maliropo sakanauza munthu kuti mtima wake wina uli pa galu. Akanati wazungulira mutu, kapena choipa kuposa apo.

Anabwerera tsiku lachisanu ndi chinayi, mutu uli mbee, atafunda chitenje chakuda. Esime anamuchingamira panjira.

"Anzanga, ine ndayesa. Madzi akumwa, koma mbale ndikumachotsa mmene ndaikira. Zanenepa ndi nkhuku zanu."

Chimwala anali atagona pa chipata, mutu pa mapazi, moyang'ana njira imene pikapu ija inalowera. Ataona Taziona anadzuka, anamutsamira monga mwa masiku onse, kenaka anasuzumira kumbuyo kwake kuona amene akubwera. Nthiti zinali zitayamba kuwerengeka, ndipo chikopa cha pakhosi chinali lende. Taziona sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita kukasonkha moto.

Anaphika phala lomwe lija, mu mphika womwe uja, n'kuthira mu mbale yomwe ija. Chimwala ananunkhiza mbale, ananunkhiza dzanja limene linaibweretsa, n'kukagona. Mawa lake Taziona anapha nkhuku. Mkuja wake anaswa mazira mu mkaka wa mbuzi. Anayesa kuika mbale n'kukabisala m'nyumba, koma galu anaphunzitsidwa bwino kuti chopezeka pansi popanda mwini wake sadya. Anayesa kutuma Esime, anayesa kukankha mbale ndi ndodo kuti dzanja lisaoneke. Taziona anayamba kudana ndi luso la mwamuna wake. Akanakhala munthu waulesi, wophunzitsa mwa theka, bwenzi njala itamaliza nkhaniyo pa tsiku lachitatu.

Chimene chinkamuimitsa tsitsi, ngakhale tsitsilo analibe, chinkachitika folo koloko. Dzuwa likapendeka, Chimwala ankadzikoka kuchoka pa chipata kupita pa chisakasa chake. Akafika ankakhala tsonga, miyendo ya kutsogolo ili chilili, monga anaphunzitsidwira kukhala podikira chakudya. Kenaka ankakweza mutu n'kuyang'ana m'mwamba pang'ono, pamene pamakhala nkhope ya munthu woimirira, kachitsa ka mchira kakusesa dothi. Ankakhala choncho kwa mphindi zingapo, maso ake akutsatira chinachake kuchokera pakhonde mpaka pansi pa mango. Kenaka mchira unkaima, iye n'kubwerera pa chipata. Esime anaona zimenezi kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo ankangopereka moni ali kunja kwa mpanda.

Pa mjigo nkhani inali imeneyo. Ena ankati malemu akumudyetsa okha, n'chifukwa chake sakufa. Ena ankati akumuitana, ndipo wotsekereza galu woitanidwa amadziitanira yekha tsoka. Taziona ndi mayi wa Mvano, zotere sazikhulupirira. Koma tsiku lina nthawi itakwana, anapezeka atapatuka pakhonde kupereka njira, mbale ili m'manja, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu akuti, "Nachi chakudya, bambo a Thandie." Atadzimva yekha anakhala pansi pomwepo. Anachita mantha, inde, koma choposa mantha chinali chisoni chakuti palibe amene anailandira mbaleyo.

Kenaka anakumbukira mlamu wake Caleb, mng'ono wa malemu, amene mawu ake pa foni anthu ankawasokoneza ndi a mkulu wake. Pogawa zovala za malemu, jekete ya ntchito inagwera iyeyo. Taziona anatumiza uthenga kwa Kanduku, ndipo Caleb anabwera pa kabaza atavala jeketeyo ngakhale kunkatentha. Anagwirizana kuti aime kuseri kwa nkhokwe n'kuitana.

"Chimwala, bwera!"

Taziona ankadziwa bwinobwino amene akuitana, komabe chikho chimene anagwira chinagwa pansi. Galu amene anali atatha masiku osathamanga anadzambatuka, anathamanga, anagwa chammbali, anadzukanso, akulira kamawu kakang'ono ngati ali kamwana. Atafika analowetsa mphuno m'jekete muja, akufwenkha, thupi lonse likugwedezeka. Caleb anatsitsa mbale. Chimwala ananunkhiza dzanja, anakweza mutu kuyang'ana nkhope, ndipo anaima nji. Kenaka anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, n'kupita kukagona pa chipata, nkhope atalozetsa ku msewu.

Caleb anavula jekete ija msangamsanga ngati yamuwotcha.

"Alamu, musadzizunze. Galuyu ndi wa achimwene. Musiyeni awatsatire."

"Alamu, mphika wake ndaphika ine zaka eyiti. Afe ndi njala ine ndili pano?"

"Nanga mutani? Si inu amene munalakwa."

Taziona anamuphikira mlamu wake tiyi, n'kumuperekeza pa akabaza.

Mayi Yewo anafika tsiku lakhumi ndi chisanu, atamva kwa opha nyama. Anagwada pambali pa galu, anamuyang'ana nkhama, anamvetsera pamtima, n'kumuthira madzi a mankhwala pansi pa chikopa. Anayesa kumumwetsa phala lamadzimadzi ndi jakisoni wopanda singano, kulowetsa chammbali mwa kukamwa, koma Chimwala anamanga nsagwada, ndipo nsagwada za galu wotere palibe munthu angazikanule ndi manja. Lochepa limene linalowa analilavula. Mayi Yewo sananene kuti ndinanena ine, ndipo Taziona amawalemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

"Mayi, nthawi zambiri njala imamugonjetsa galu," anatero akupukuta m'manja. "Koma uyu wakalamba. Zaka eyiti kwa mtundu uwu ndi nkhalamba, mtima wake wafooka, ndiponso naye ali pa maliro. Madzi ndingamuthire, koma kudya ayenera kufuna yekha."

"Tsabola uja ndinkasinja ndine, adokotala," anatero Taziona. Aka kanali koyamba kuzinena kwa munthu. "Ndinkaseka."

Mayi Yewo anatseka kabokosi kawo ka mankhwala.

"Mukhale naye pafupi. Ngati pali dzanja loti alandire, ndi lanulo, lina palibe. Ndibweranso Lachisanu. Akadzakhala asanadye, tidzamuthandize agone, asazunzike."

Limenelo linali Lachiwiri. Lachitatu Chimwala sanathenso kufika pa chipata. Anagona pansi pa mango tsiku lonse, akupuma mofulumira, ntchentche zikumutera m'maso, Taziona akuziingitsa ndi kanthambi. Folo koloko itakwana anayesa kukhala tsonga, miyendo inakana, ndipo anangokweza mutu wokha.

Lachinayi m'mawa Taziona anapita kwa opha nyama n'kukatenga chiwindi cha mbuzi yophedwa kumene. Anachiwiritsa chopanda mchere, mu poto watsopano amene sanaphikiremo ndiwo chigulire. Anasamba m'manja ndi phulusa, kenaka ndi sopo, kenakanso ndi madzi okha, ngati kuti zaka zisanu ndi zitatu zingachoke ndi kusamba. Masana anakhala pansi pa dothi, pafupi ndi mutu waukulu uja, miyendo atatambalitsa. Anadula kachidutswa, analuma theka, anatafuna pang'onopang'ono galu akuona, anameza, n'kutsegula pakamwa kumuonetsa.

"Taona, Chimwala. Mulibe kanthu. Ndadya ine."

Galu anamuyang'ana.

"Abambo ako sabweranso. Ndinawaona ndi maso angawa akuwatsitsira m'manda. Iwe sunaone, n'chifukwa chake ukudikira. Tatsala awiri, mwanawe." Anamusisita pakhosi. "Ndinakulakwira ine. Unali mwana, unkabwera kwa ine ndi mtima woyera, ine n'kumakuwotcha. Pepa. Ukafuna undide, koma idya."

Anatambasula mkono, theka lija lili pa chikhatho. Mkono unatopa, anauchirikiza ndi unzake. Mbuzi zinkalira m'khola chifukwa sanazitsegulire, ku msika wina ankaliza wailesi, mango ang'onoang'ono ankagwa pa chisakasa. Taziona sanasunthe. Sadziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji.

Kenaka mutu uja unasuntha. Chimwala anakokera makutu kumbuyo, anatsinzina zolimba, thupi lonse likunjenjemera, n'kubweretsa kukamwa pa chikhatho. Anatenga kachiwindi kaja ndi nsonga za milomo, mosamala, dzino osakhudza khungu. Atatero anakweza mutu wake wolemera uja n'kuuika pa miyendo ya Taziona.

"Esime!" anaitana Taziona chapansipansi, kuopa kumudzidzimutsa. "Esime, tabwerani! Walandira!"

Esime anafika pa mpanda, anaona, n'kugwira pakamwa. Taziona ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, akusisita makwinya a pamphumi paja, akulonjeza zonse zimene adzaphike mawa, msuzi wa mafupa, mazira, nkhuku ina. Anali atadula kale kachidutswa kachiwiri, koma anati asamufulumizitse, apume kaye. Galu anapuma mozama kangapo. Mthunzi wa mango unasuntha kuchoka pa iwo, dzuwa n'kuyamba kuwawomba kumaso, ndipo Taziona anaona kuti folo koloko yadutsa koma mutu uja sunadzuke. Anaika dzanja pa nthiti. Anadikira, anadikiranso, ndipo nthitizo sizinakwere.

Manda anakumba ndi Esime, amayi awiri ndi makasu awo, pansi pa mango pomwepo, chifukwa kumunyamula kupita naye kwina sakanatha. Ngakhale atawonda chotero, anachita kumukoka pa thumba. Pomutsitsira m'dzenje mutu unapendekeka, nsagwada zija zimene zinakanika mayi Yewo zinatseguka zokha, ndipo kanthu kanagwa pa dothi. Esime anawerama kuti aone. Kanali kachiwindi kaja, kathunthu, kopanda ngakhale chizindikiro cha dzino limodzi kupatula pamene analuma Taziona.

"Musalire, anzanga," anatero Esime. "Chachikulu n'chakuti analandira."

Taziona anatola kachiwindiko, n'kukapukuta dothi ndi chala.

"Analandira kuti ndisakhumudwe," anatero. "Koma wapita akudziwa kuti muli tsabola."